Mutu 6: Tsiku Limene a Ndikubwera Anasowa Kopita

1. Wailesi izima

Pa shopu ya azakhali ake a Mafunso ankasokapo zikwama za ana a sukulu. Osati zikwama zamasewera ayi. Zinali zija mwana amayamba nazo kalasi yoyamba, mng'ono wake n'kudzazilandira, mapeto ake mphaka wa pakhomo n'kumagonamo malamba akadali olimba.

Mafunso silinali dzina lobadwa nalo. Analipata ali wamng'ono chifukwa pakamwa pake sipankachoka mawu akuti "chifukwa chiyani". Atamaliza mayeso a ku sekondale, azakhali anamutenga kuti azidula timaulusi totsalira pa zikwama ndi kusesa, poganiza kuti tsache limuziziritsa. Apa ndiye anaphonya. Tsache limagwiritsa ntchito manja okha, maso amatsala akuyendayenda.

Lolemba lina m'mawa azakhali anazimitsa wailesi. Aliyense anadziwa kuti kwaipa, chifukwa wailesi imene ija sinkazima ngakhale kubwere mlendo wa tayi.

Anafotokoza kuti bambo wa sitolo yaikulu, amene ankapikula pafupifupi zikwama zonse, wadandaula. Ubwino wa zikwama sakuukana, koma ena akumubweretsera zotsika mtengo. Mtengo ukapanda kutsika sukulu zisanatsegulidwe, iye atsanzika. Tsono njira zinali ziwiri: kaya zolowa pa chikwama chimodzi zichepe, kaya pa shopu pachoke munthu mmodzi.

Palibe amene anayang'ana amalume ake a Mafunso. Koma kusayang'ana kwina kumapweteka kuposa kuloza ndi chala.

Amalumewo anali munthu wamtali, wa manja ngati mafosholo, ndipo ntchito yawo inali kuyenda. Tebulo lodulira nsalu linali m'chipinda cha kuseri, kumapeto kwa kakhonde kakatali. Makina osokera anali kumaso. Mazipi ndi malamba ankakhala m'kabati yokhoma, kiyi wake ali pakhosi pa azakhali. Ndiye amalume ankachoka kuseri kupita ku makina, kuchoka ku makina kukasaka kiyi, kubwerera ndi zipi mmodzi, kutolera zikwama zomalizidwa n'kukaziunjika mulu umodzi. Telala aliyense akaitana, iwo ankayankha kuti "ndikubwera". Dzinalo linawakakamira mpaka ana a pamsewu ankawapatsa moni kuti a Ndikubwera.

Woyamba kutsegula pakamwa anali mwana wa azakhali, msuweni wake wa Mafunso, amene anzake ankamutcha Chidule. Iye ankasoka pa makina a pakhomo, kumene ankatha kuona atsikana odutsa. Ananena kuti nkhaniyi ndi yosavuta: ulusi wotchipa ulipo, ndipo malamba angathe kusokedwa kamodzi m'malo mwa kawiri. Mwana wa sukulu sawerenga misoko.

Azakhali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Iwe Chidule, tchera khutu, ndipo ena nonse mumvere pomwepo. Chikwama chikatuluka pakhomo apa sichipita chokha, chimanyamula nkhope yanga. Mwana sawerenga misoko, zoona. Koma lamba akaduka pamsewu mvula ikugwa, mabuku n'kugwera m'matope, mayi ake safunsa kuti ulusi unali wa mtengo wanji. Amafunsa kuti anasoka ndani. Akadziwa amauza mnzake, mnzakeyo amauza mzere wonse wa kuchipatala. Ukaba pa ulusi sunatsitse mtengo ayi, wangousenzetsa mayi wosauka amene adzagule kawiri. Ine ndinayamba ndi makina amodzi pakhonde, dzuwa likundiwotcha msana, ndipo chimene chinandilowetsa m'nyumba muno ndi msoko wachiwiri umene ukuunyozawo. Ndikadzaona ulusi umenewo muno, ndidzaiwala kuti ndinakubereka."

Chidule anaseka, nati amangocheza. Wailesi sinayatsidwenso tsiku lonse.

2. Zimene tsache linaona

Popanda wailesi, Mafunso anamva chinthu chimene sanamvepo chiyambire: makina ankakhala chete nthawi yaitali kuposa imene ankalira. Amayi a mapasa, telala wachangu kuposa onse, anali atapinda manja kudikira nsalu. Wina ankawenga zikhadabo. Onse ankadikira amalume, amalume ankadikira kiyi, ndipo kiyi anali panja, pakhosi pa azakhali amene ankayankha foni.

Posesa anaonanso kuti pakati pa simenti pali kanjira kosalala, kowala ngati kopakidwa polishi, kochokera kuseri kufika ku makina. Fumbi silinkapeza mpata wokhalapo. Pakona panali mulu wa zikwama zobwezedwa, zodikira kuphwasulidwa ndi kusokedwanso, ndipo palibe ankadziwa kuti anasoka ndani. Thumba la zidutswa za nsalu linali litadzaza kale, dzuwa lisanafike pamutu.

Anapita kuseri kwa a Lumo, mkulu wodula nsalu, amene magalasi awo ankamangidwa ndi ulusi ndipo choko sichinkachoka kukhutu. Anawafunsa chifukwa chimene tebulo limakhalira kutali chonchi pamene kumaso malo alipo.

A Lumo anaika lumo lawo pansi, natseka chitseko ndi phazi.

"Khala pa thumba apo, mwanawe. Ine ndinagwirapo pa fakitale yaikulu ndisanamere imvi. Kunkabwera anthu a maso akuthwa ngati akowa. Akasuntha tebulo limodzi, wina ankapita kwawo. Akasuntha lachiwiri, winanso. Iwo ankati akukonza zinthu, ife tinkaona anzathu akutuluka pageti ndi majumbo. Tsono tebulo ili silinayende lokha kubwera kuno. Kale linali kumaso. Makolo ako atatisiya, amalume ako anakutenga, ntchito alibe. Azakhali ako anafuna kuwathandiza, iwo anakana, akuti sadya zaulere. Ndiye Lamlungu lina ine ndi azakhali ako tinakoka tebulo ili mpaka muno, Lolemba n'kuwauza kuti tasowa munthu wonyamula nsalu. Kakhonde kameneka ndi kamene kakulera iwe. Yunifolomu yako, nsapato zako, mayeso ako, zonse zatuluka m'mapazi mwawo. Usanafufute kanjira kaja, dziwa chimene ukufufuta. Iwo sakudziwa, ndipo sayenera kudziwa. Tseka pakamwa, usese."

Mafunso anatola tsache lake. Kenaka anafunsa kuti akatseka pakamwa, sukulu n'kutsegulidwa mtengo usanatsike, adzachoke ndani.

A Lumo anatola lumo lawo, nayamba kudula nsalu imene anali atadula kale.

3. Makapu opanda zogwirira

Madzulo amalume anali pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, akumwa tiyi m'kapu yopanda chogwirira. M'nyumba imeneyo munalibe kapu ya chogwirira. Amalume sankachita dala, koma chinthu chilichonse chofooka chikafika m'manja mwawo chinkaulula kufooka kwake. Chitseko cha kukhitchini chinkatsegulidwa ndi waya. Ndowa zonse zinali zolumikiza.

Mafunso anakhala pa sitepe, nawauza zonse zimene anaona: makina osalira, kiyi, kanjira ka pa simenti. Za Lamlungu lija sananene. Anamaliza ndi kuti mawa akalankhula ndi azakhali, koma sanafune kuti iwo amvere kwa ena.

Amalume anayang'ana mapazi awo.

"Ndiye mwana amene ndinalera ndi amene akufuna kundidula miyendo," anatero.

Mafunso sanabweze mawu ake. Anangowonjezera madzi otentha m'beseni.

"A Lumo akuuza za tebulo, eti? Nkhope yako yanena kale. Iwo ndi azakhali ako amayesa ine ndine mwana. Tebulo limene ndinaliona kumaso Loweruka, Lolemba lili kuseri, simenti yonse itakandika, ndiye ndikhulupirire kuti linamera mapazi? Ndinadziwa tsiku lomwelo. Ndinangoti anthuwa andichitira ulemu, nanenso ndiwachitire ulemu wosadziwa. Koma tamvera. Ukakhala chete, andichotsa, ndipo shopu idzafa pambuyo panga. Ukalankhula, mwina andichotsabe, koma shopu idzatsala. Ndiye kalankhule. Chenjezo langa ndi ili: mwini ntchito safuna kuphunzitsidwa pamaso pa antchito ake. Usapite ndi mtolo wa nzeru ngati wabwera kudzalanda kiyi. Tenga kanthu kamodzi, kakang'ono, koti kakakanika mawa n'kubwezedwa popanda wochita manyazi. Ndipo usakanene, ukafunse. Kufunsa ndiye luso lako lokhalo, poti kuphika tonse tikudziwa mmene zilili."

Anaseka okha, nakweza kapu ija, koma tiyi anali atazizira kale.

4. Kanthu kamodzi m'mawa uliwonse

Mafunso anapeza azakhali akutsegula shopu, ena asanafike. Anafunsa ngati kabati ingatsegulidwe kamodzi kokha m'mawa, telala aliyense n'kupatsidwa chitini cha mazipi ndi malamba okwanira nsalu zimene a Lumo adula, zotsala n'kubwezedwa poweruka. Azakhali anagwira kiyi wawo ngati wina akufuna kuwalanda mwana. Anamukumbutsa kuti kabatiyo inakhomedwa chifukwa mazipi ankamera mapiko. Mafunso anayankha kuti zipi wa m'chitini cha munthu mmodzi akauluka, mwini chitini ndi amene angafotokoze kumene wakatera.

Kenaka anapempha chachiwiri: kuti pasapezeke wochotsedwa ntchito chifukwa cha zimene iye aonetse.

"Sindilonjeza zimene sindinaone," anatero azakhali. "Yesa lero. Zikakanika, tsache lako lili paja."

Sizinakanike. Tsiku limenelo azakhali anayankha foni mpaka khutu kutentha, koma makina sanaime. Poweruka, mulu wa zikwama zomalizidwa unali utapitirira pa kamzere ka pakhoma pamene unkalekezera masiku onse.

M'mawa mwake azakhali anaika lamulo, ngati kuti anaganiza okha: wailesi isanayatsidwe, munthu mmodzi azinena chinthu chimodzi chimene chinamuvuta dzulo. Chikonzedwe pomwepo, chiyesedwe tsiku lonse. Chikathandiza chikhale, chikapanda kuthandiza chibwerere.

Poyamba anthu ankayang'anana. Koma madandaulo ndi chinthu chimene wantchito aliyense amakhala nacho chambiri, amangosowa kokachigulitsa. Amayi a mapasa ananena kuti ulusi umagubudukira pansi pa makina, iwo n'kumakwawa ngati mwana. Anakhomera misomali pakhoma, ulusi unapachikidwa, kukwawa kunatha. Wina anati sizasi ndi imodzi ya anthu onse. Azakhali anatulutsa zina zimene zinkachita dzimbiri m'kabati.

Mafunso nayenso anabwera ndi nzeru yoti makina ayandikane kuti nsalu izipatsirana msanga. Pofika masana amayi a mapasa anali atagunda mnzawo ndi chigongono kangapo, ndipo panatsala pang'ono kuti shopu isanduke bwalo la nkhonya. Makina anabwezedwa, anthu anamuseka, iye anaseka nawo. Kuyambira pamenepo ngakhale amanyazi anayamba kulankhula, poona kuti kulakwitsa sikupha.

A Lumo anakhala masiku angapo akungong'ung'udza. Tsiku lina, osauza munthu, anayamba kuyala mapepala odulira mosemphanitsa, lina mutu kumtunda, lina mutu kumunsi, kuti pakati pasatsale mpata. Nsalu yomweyo inatulutsa chikwama choonjezera. Zidutswa zotsala anati zisokedwe timatumba ta mapensulo. Atafunsidwa, anati anatopa ndi kunyamula thumba la zinyalala, basi.

Apa ndi pamene Mafunso anamvetsa kuti mtengo wa chikwama si nsalu ndi ulusi wokha. Kudikira kumalowamo. Kukwawa kumalowamo. Kusoka chinthu kawiri kumalowamo kawiri. Ndipo kuyenda kumalowamonso.

Linafika tsiku limene zazing'ono zonse zinali zitanenedwa, chachikulu chitangotsala poyera ngati chilonda cha pamphumi. Inali nthawi ya Mafunso. A Lumo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Azakhali anayang'ana kudenga.

Mafunso anafunsa ngati tebulo lodulira lingayesedwe kumaso.

Amene ananyamuka ndi amalume. Analowa m'kakhonde kawo, ndipo posakhalitsa anatulukira tebulo lili pamsana, miyendo yake ikukanda khoma. Analiika pafupi ndi makina, nalipukuta ndi chipewa.

5. Manja opanda chonyamula

Zinayenda bwino moti zinali zochititsa mantha. A Lumo akadula, ankangotambasula dzanja, nsalu ili kale pa makina. Makina analira osapuma mpaka wailesi sinkamveka. Popeza matelala analibenso mpata woitana wotolera, zikwama zomalizidwa zinkaunjikana pambali pa telala aliyense, mulu wake wake.

Amalume anaima pakati pa chipinda, manja ali lende. Palibe anawaitana. Anasuntha mpando umene sunafune kusunthidwa. Anapita pakhomo, nabwerera. Azakhali ankawayang'ana ndi ngodya ya diso, chala chikusewera ndi kiyi.

Dzuwa litapendeka azakhali anati, "Alamu, tikaweruka mutsale pang'ono, tikambirane."

Mafunso anaimitsa tsache. Amalume anangogwedeza mutu, ndipo pofuna kupatsa manja chochita, anatola chikwama pa mulu wa pakhomo kuti achipachike pa msomali. Anachikoka pang'ono monga mmene munthu amawongolera lamba. Panamveka thwee. Lamba anatsala m'dzanja lina, chikwama m'dzanja lina.

Makina onse anaima.

Chidule anaseka, nati ntchito yatha ndiye mkuluyu wayamba kuphwanya katundu, makapu a kunyumba sakumukwananso.

Mafunso anaika tsache pansi. Anatola chikwama pa mulu wa amayi a mapasa, nachipereka kwa amalume.

"Kokani, amalume. Ngati mmene mumatsegulira chitseko cha kukhitchini."

Anakoka mpaka mitsempha kutuluka. Lamba sanagwedezeke. Anawapatsa cha telala wina, nachonso chinalimba. Anabwerera ku mulu wa pakhomo, natola china. Thwee. Chinanso. Thwee.

Mulu wa pakhomo unali wa Chidule.

A Lumo anayandikitsa lamba woduka ku magalasi awo, naonetsa azakhali msoko wake. Unali umodzi, ndipo ulusi wake unkaduka ndi chikhadabo.

Mafunso sanayang'ane msuweni wake. Analoza mulu wa zobwezedwa uja wa pakona, nafunsa azakhali ngati chikwama cholakwika chimadula kwambiri chikagwidwa pa makina kapena chikabwera kuchokera ku sitolo. Anafunsanso ngati pa shopu pali wina amene ali ndi manja oposa a mwana wa sukulu wosamva, wothamanga ndi mabuku ndi miyala m'chikwama.

Azakhali anayang'ana mulu wa pakona. Anayang'ana milu ya zatsopano, imene tsopano inkafika m'chiuno. Kenaka anakoka mpando wawo womwe, wa khushoni, nauika pafupi ndi khomo.

"Alamu, khalani apa. Zimene ndimafuna tikambirane zija zatha ntchito. Kuyambira lero simuyendanso. Chikwama chimene sichinadutse m'manja mwanu sichituluka pakhomo ili. Chikaduka, chibwerere kwa mwini wake nthawi yomweyo, akadakumbukira chimene wachita. Mtengo titsitsa, ndipo pano sipachoka munthu."

Amalume anakhala pansi mosamala, kuopa kuthyola mpando wa bwana. Anatambasula miyendo ija imene inalera mwana, nayang'ana matelala mmodzimmodzi.

"Mwamva nonse," anatero. "Tsopano mukandifuna, wonena kuti ndikubwera ndinu."

Ngakhale a Lumo anaseka mpaka choko kugwa kukhutu. Podutsa pafupi ndi Mafunso anamukodola ndi chigongono, nanong'ona kuti ku fakitale kuja sanaonepo tebulo likusuntha munthu n'kupatsidwa mpando.

Amene sanaseke ndi azakhali. Anatembenukira kwa Chidule, lamba woduka ali m'manja, namufunsa motsitsa mawu kuti ulusi umenewu anayamba liti kuusokera.

Chidule anayang'ana nsapato zake. Anati si kale kwenikweni. Azakhali anafunsanso ngati pa zikwama zimene zinapita ku sitolo sabata yatha panali zake.

Asanayankhe, panja panaima galimoto. Mafunso, amene anali pafupi ndi zenera, anaona bambo wa sitolo yaikulu akutsika, osatseka n'chitseko chomwe. Ankakoka thumba lalikulu, ndipo pakamwa pa thumbalo pankalendewera lamba wa chikwama, woduka mbali imodzi.